Sukulu ya Pakamwa

Atate anaseka mpaka kutsokomola.
“Kulankhula nako nkolipirira?
Amako amalankhula tsiku lonse pamsika wa Kapata,
ndani anawapatsapo satifiketi?”
Ananena akupopa tayala la kumbuyo,
lija limakweza anthu onenepa ku Kalongwezi
thukuta likutsikira m'kolala.

Ine ndinali ndi mapepala atatu
m'pulasitiki ya buledi.

Loyamba linachokera ku Lusaka,
losalala ngati mbale yatsopano:
anyamata oyera mano, makamera pamapewa,
kapinga wobiriwira pakati pa Okutobala.
Mtengo anaubisa pansi penipeni, m'timalemba ta nyerere.
Ndinausandutsa matumba a soya.
Anakwana makumi asanu ndi limodzi.
Munda wathu wa ku Chiparamba umabala khumi ndi anayi
mvula ikakhala ndi ulemu.
Lendi sindinawerengere, ngakhale sopo.

Lachiwiri ndinakatenga ndekha.
Bambo wa tayi anandikhazika pampando wozungulira,
nati posachedwa dziko lonse lidzandiona pakanema.
Ndinafunsa kuti omaliza chaka chatha ali kuti.
Anayang'ana foni yake.
“Ali m'malo osiyanasiyana.”
Mmodzi ndimamudziwa.
Ndi Gezile wa ku Mchini,
amatumiza ndalama za pafoni m'kabokosi ka pasiteshoni,
pepala lake lili m'sutikesi,
ngongole ndiyo imayenda naye pamsewu.

Lachitatu linali fotokope yotuwa,
ngodya imodzi itamwa mafuta a zitumbuwa.
Zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya simenti.
Mayi Nyendwa sanayang'ane nsapato zanga.
Anandipatsa rekoda yomangidwa ndi mphira:
“Tuluka. Ubwere ndi mawu a munthu mmodzi.”

Ndinapeza mayi wa ku Vubwi
atakhalira thumba la mtedza,
atakwiya ndi sikelo ya ogula
imene imadya kilo imodzi pa khumi alionse.
Dzanja langa linanjenjemera.
Mafunso onse anandithawa.
Iye analankhula yekha mphindi zisanu ndi ziwiri,
mpaka za mwana wake amene anasiyira giredi naini.

Mayi Nyendwa anamvetsera atatsinzina.
“Kukhala chete ukudziwa kale.
Zinazo tidzakuphunzitsa.”

Pamenepo ndinafunsa zanga,
zija amphawi timameza chifukwa cha manyazi.
Ndingalipire pang'onopang'ono?
Katatu, komaliza soya akagulidwa.
Nanga thandizo? Theka, ukabweretsa kalata ya kusukulu kwanu.
Makalasi ndi a madzulo,
mmawa ndidzakhalabe pabenchi ya amayi kuunjika tomato.
Chaka chachiwiri, miyezi itatu ku wailesi ya m'dera
kapena ku bungwe la alimi,
kulemba za mitengo ya mbewu ndi katemera wa ng'ombe
m'chinenero chimene ng'ombezo zimaitanidwira.

Anatsegula kaundula wothothoka chikuto.
Uyu ali ku Katete, amawerenga nkhani za masana.
Uyu amalemba zolengeza za chipatala.
Uyu amajambula maukwati, wagula njinga yamoto.
Awiri awa sitidziwa.
Uyu anabwerera kumunda.
Chala chawo sichinadumphe dzina.

Usiku ndinayala mapepala aja pamphasa.
Losalala mng'ono wanga anapempha kuti akutire buku.
Ndinamupatsa.

Atate sananenepo kanthu.
Kutacha ndinawapeza akupukuta khushoni ya njinga.
“Kwera, ofesi angatseke.”

Tinatsika, fumbi likulowa m'mano,
phiri la Kanjala likutiyang'ana chammbali,
fomu ili pachifuwa panga ngati khanda.
Pa dzenje lalikulu lija la pafupi ndi mlatho
anakhotetsa, nalankhula osacheuka:
“Akadzakupatsa kachitsulo kako,
uyambe ndi ife a njinga.
Ukafunse eni msewu
kuti dzenje ili lidya masipoko angati.”

Titafika ndinatulutsa ndalama zachitsulo.
Anakankha dzanja langa.
“Ngongole,” anatero. “Ndalemba.”